Ukwati wa Eni M'kabokosi ka Malemu

Lamulungu masana, mbale zitatsukidwa, Kadontho anayamba kuvuta kuti akufuna kuonera abambo ake. Make anali atangokhala pansi, msana ukuwawa ndi zochapa za sabata yonse, koma mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sadziwa za msana wa munthu. Anadzuka, natulutsa hadi diraivu m'chikwama, kabokosi kakuda kokwana m'dzanja, komata tepi yofiira pakona pomwe kanang'aluka tsiku lina katagwa pansi. M'menemo ndimo munali zonse zotsala za malemu mwamuna wake, zithunzi ndi mavidiyo omwe ankajambula pafoni mwana ali wakhanda. Bamboyo anamwalira Kadontho asanayambe kuyankhula bwinobwino. Mawu a abambo ake mwanayo ankawadziwira m'kabokosimo, kwina kunalibe.

Analumikiza chingwe ku laputopu, nabwerera pampando kukatsamira.

"Amayi, awa ndani?"

"Abambo ako, ndaninso?"

"Ayi. Ndi amayi ena onenepa, avala zoyera. Akuvina."

Make Kadontho anaimirira. Pagalasi panali mkwatibwi wosamudziwa akudula chiuno pakati pa anthu osawadziwa, m'holo yodzaza mabaluni. Anatseka, natsegulanso. Foda inali imodzi yokha, ndipo m'kati mwake munali ukwati wokhawokha, keke, mphete, azibambo otuluka thukuta m'masuti. Anazula chingwe, nachiuzira ngati muli fumbi, nachilowetsa pabowo lina. Mkwatibwi uja anabweranso, akuvinabe.

"Abambo apita kuti?"

"Pita ukasewere panja."

"Koma ine..."

"Ndati panja."

Kabokosiko kanali katangobwera dzulo lake kuchokera ku situdiyo ya Jambulani. Dzinali anamupatsa ndi ana a kusukulu ya Kadontho, omwe ankamuthamangira akukuwa kuti awajambule, ndipo linamumatirira mpaka akuluakulu anaiwala lenileni. Kusukuluko ndi komwe anaonerana ndi make Kadontho. Anali munthu wofatsa, wosunga nthawi, wokonza mpope wodontha osauzidwa. Mawu a ukwati anali atawanena kale, ndipo mayiyo anamuyankha kuti adikire, sanakane. Kabokosi anakapempha yekha Jambulaniyo, kuti asankhemo chithunzi chimodzi cha malemu, achikulitse, achiike m'felemu pa tsiku lobadwa la mwana.

"Ndikufuna Kadontho aone kuti sindinabwere kudzachotsa abambo ake pakhoma," anatero tsikulo.

Mawuwo mayiyo anawakonda, anagona nawo. Tsopano anawatembenuza m'mutu ngati malaya ogula pamsika omwe wapeza kuti ali ndi bowo kukhwapa. Anatenga foni.

"Bwerani kuno, za m'kabokosi zasowa. Ayi, osati madzulo. Panopa."

*

Jambulani anafika kamera ikadali m'khosi. Anayang'ana pagalasi, kenako kabokosi, napitiriza chala chachikulu pamwamba pa tepi ija, ndipo anakhala pansi osauzidwa.

"Tepi iyi munamata ndinu?"

"Nanga ndani? Kanang'aluka. Mumafuna ndimate ndi malovu?"

"Ku situdiyo tili ndi timabokosi ngati aka tambiri, tonse takuda, tofanana. Ntchito ikatha, eni ake akatenga zithunzi zawo, timamatapo tepi yofiira. Yofiira ndiye kuti kamasuka, kafufutidwe, kalowe ntchito ina. Kanu nditasankhamo chithunzi ndinakasiya pashelefu pomwepo." Anachotsa chala pa tepi. "Ndine ndalakwa. Ndinafufuta ndine."

Anayankha msanga kwambiri. Make Kadontho ndi mayi wolera mwana, amadziwa kamvekedwe ka yankho lomwe munthu wabwera akuliyeseza m'njira.

"Simunatsegule kuti muone zomwe zili m'katimo?"

"Ndinali ndi changu."

"Inu? Munthu woti batani la malaya mumalimanga kawiri?"

"Zimachitika."

"Chabwino. Mukafufuta n'kuikamo ntchito ina, tepiyo mumaisiya pomwepo?"

"Timaichotsa."

"Nanga iyi ikadalipo bwanji?"

Jambulani anayang'ana pansi, ngati yankho lagwera pamkeka. "Ndinaiwala."

"Lero ndiye mwaiwala zambiri."

Jambulani anatambasula dzanja kuti atenge kabokosi, koma mayiyo anakaphimba ndi chikhatho.

"Sikabwereranso kwanu aka."

"Sindikukanirani. Koma musafufute ukwatiwo, ndipo musakalumikizenso. Kazuleni, kakhale chonchi. Pali mkulu wina wokonza makompyuta pamwamba pa masitolo a mafoni, amatha kubweza zinthu zotere. Mawa tipitire limodzi." Anamuyang'ana mayiyo. "Make Kadontho, mukudziwa kuti sindingakuchiteni dala chinthu chotere."

"Dzulo ndimadziwa."

Kadontho analowa, mawondo ali fumbi, nathamangira kukakhala pamiyendo pa Jambulani monga ankachitira nthawi zonse.

"Ankolo, abambo asowa. Mwawaona?"

Bamboyo anangomusisita mwanayo mutu. Make ndiye anayankha.

"Ankolo akukawafuna. Tsika, akupita."

*

Nkhani sinagone. Kadontho anakaiulula kwa azakhali ake, mchemwali wa malemu, yemwe ankakhala mdadada wachiwiri kuchokera pamenepo ndipo sankafuna chifukwa chachikulu kuti abwere. M'mawa mwake, mwana atangopita kusukulu, mlamuyo anali kale m'khitchini, akudzithirira tiyi.

"Ine sindinadabwe, mlamu."

"Inu simudabwa chilichonse."

"Ndinanena kapena sindinanene? Mwamuna sakonda kupikisana ndi wakufa. Wamoyo akhoza kumenyana naye. Wakufa amutani? Angomufufuta basi."

"Akuti inali ngozi. Nkhani ya tepi."

"Tepi." Mlamuyo anaseka ndi mphuno. "Mchimwene wanga wathera pa tepi. Ndiye wakusiyirani chithunzi chimodzi cha pakhoma, eti? Wasankha bwino. Cha pakhoma sichiyankhula, sichiseka, sichiitana mwana. Chimangoyang'ana iye akudya patebulo la mnzake."

"Tebulo ndinagula ndine, alamu."

"Musandisokoneze. Ndikunena kuti mwana uyu akadzafika zaka khumi adzakhala ataiwala mawu a bambo ake, adzidziwa a ankolo okha. Si zomwe amafuna zimenezo?"

Make Kadontho ankapukuta sitovu yomwe inali yoyera kale. Chomukwiyitsa sichinali choti mlamu wake akunama. Chinali choti ganizo lomwelo linali litamuyendera iye mwini asanagone, ndipo kulimva m'kamwa mwa munthu wina kunalipatsa miyendo.

"Mavidiyo aja inu munalibe ena pafoni?" anafunsa.

"Foni ija inagwera m'chidebe, mukudziwa. Ndinkadalira inu. Mkazi wake ndinu, osunga ndinu." Anaika kapu pansi. "Kaikeni mufiriji. Mnzanga wina yake inadzuka ataiika mufiriji."

"Si nyama iyi."

"Chabwino, pitani naye wakuphayo akakuthandizeni kulira. Koma ndinene pano. Mawu a mchimwene wanga akapanda kubwerera, munthu ameneyu asadzaponde pakhomo pa abale anga kudzanena za ukwati. Ine ndidzaimirira pakhomo pomwepo."

*

Kwa wokonza makompyuta kunali kukwera masitepe opapatiza, kudutsa ogulitsa zikuto za mafoni. Kachipindako kanali kodzaza malaputopu otsegula mimba, ndipo fani yapakona inkangotembenuza mutu osabweretsa mphepo. Mkuluyo anamvetsera nkhani yonse osawayang'ana, akutembenuza kabokosi m'manja.

"Mutaona kuti zasowa, munaikamonso china?"

"Ayi."

"Munayesa mapulogalamu a pa intaneti aja?"

"Ayi."

"Ndiye mwachita bwino, ambiri amabwera ataponderezamo kale. Mvetserani, mayi, kuti musadzanditukwane pambuyo. Kufufuta kotereku, komwe timati kufomata, kuli ngati kuchotsa manambala pazitseko za nyumba za lendi. Anthu akadali m'katimo, kungoti palibe akudziwa kuti uyu ali chipinda chiti. Zikanathera pamenepo, ndikanagogoda chitseko chimodzichimodzi n'kukutulutsirani onse. Koma apa mwalowa alendi atsopano. Chipinda chomwe alowa iwo, wakale watulutsidwa, ndipo ameneyo sabwerera. Kaya mupite kwa ndani."

"Ukwatiwo ndi waukulu bwanji?" anafunsa make Kadontho.

Mkuluyo analoza Jambulani ndi chibwano. "Funsani ojambulawa."

"Makamera awiri," Jambulani anatero motsitsa. "Tsiku lonse."

"Ndiye alendi ake ndi a banja lalikulu. Ine ndiyamba ndakopera kabokosi konse, momwe kalilimu, kupita m'kena. Kanuka sindikakhudzanso, ndizifufuza m'kokoperako. Zimatenga nthawi, musandiimbire foni kawirikawiri. Zomwe zituluke zituluka zopanda mayina, zopanda mafoda, manambala okhaokha. Mudzasankha nokha."

Potsika masitepe Jambulani anayesa kumugwira chigongono pomwe panali sitepe yothyoka. Mayiyo anachotsa mkono.

"Ndimaona."

"Kodi mpaka liti muzindiyankha chonchi?"

"Mpaka mwana wanga amve abambo ake."

"Nanga akapanda kuwamva?"

Mayiyo anatsika masitepe otsala n'kumapita. Madzulo ake meseji ya Jambulani inalowa: *Sindikudya. Ndikangotseka maso ndikuona nkhope ya Kadontho. Ndikhululukireni.* Anaiwerenga ataimirira pa sinki, manja ali thovu. Analemba ndi chala chimodzi chouma: *Idyani. Njala yanu sibweza kanthu.* Atatumiza anakhala akuyang'ana foni nthawi yaitali kuposa momwe yankholo linkafunikira.

*

Felemu ija inali itakonzeka, ndipo make Kadontho anasankha kukaitenga yekha nthawi yomwe ankadziwa kuti Jambulani wapita kokajambula. Ankafuna aone shelefuyo ndi maso ake.

Mu situdiyo anapezamo mtsikana wolumikiza mavidiyo, yemwe mlamu wake ankamutchula kuti wa Zikhadabo. Zinalidi zazitali, zopaka utoto wobiriwira, ndipo zinkagogoda pa kiyibodi ngati nkhuku pa lata. Mtsikanayu anali atagwira ntchito pamenepo zaka zingapo. Ankadziwa shuga wa tiyi wa abwana ake, ndipo ankaonetsetsa kuti aliyense adziwe kuti akudziwa.

"Anti, takulandirani. Pepanitu ndi zomwe zinachitika. Ine mpaka mutu unandiwawa."

Kusiyana kwawo sikunali kopitirira zaka zisanu, koma *anti* ameneyo ankatuluka wonona, womukankhira mnzake ku ukalamba.

"Zikomo. Ndabwerera felemu."

"Abwana aikulunga okha. Sanafune kuti wina aikhudze." Anaitulutsa kuseri kwa kauntala. "Masiku ano sakugona, anti. Dzulo ndachita kuwakakamiza kuti adye. Ndinawabweretsera chakunyumba."

"Mwachita bwino. Wantchito azisamala abwana ake."

Zikhadabo zinasiya kugogoda pang'ono, kenako zinayambiranso.

Shelefu inali kumbuyo kwake. Timabokosi takuda tinandandalikana ngati buledi, tina tomata tepi yofiira pakati penipeni, mzere wowongoka bwino. Tepi ya make Kadontho inali yokulunga pakona, mokhotakhota, ntchito ya munthu womata chong'aluka mwana akulira. Wakhungu yekha ndi amene akanazisokoneza.

"Timeneti amafufuta ndani?" anafunsa ngati akungocheza.

"Aliyense amene wapeza mpata. Koma ine sindifufuta kanthu ndisanatsegule, anti. Anandiphunzitsa ndi abwana omwewo. Ndiye ndinadabwa kuti iwo eni ake..." Anakweza mapewa. "Mwina maganizo. Mwamuna akakhala pa chibwenzi chovuta, mutu suyenda bwino."

"Chovuta?"

"Ayi, ine ndangonena. Kulowa m'nyumba momwe muli kale mwamuna wina, ngakhale wa pakhoma, si zophweka." Anamwetulira, akukankhira felemu kutsogolo. "Komatu malemu anali anthabwala, eti? Munthu wosangalatsa."

"Anali."

Anatuluka felemu ili kukhwapa. Anafika pamsewu, naima, nang'amba pepala pakona kuti aone. Chinali chithunzi cha tsiku lomwe malemu anayamba ntchito yatsopano, atavala tayi, nkhope ili gwa ngati wapolisi. Pachithunzi chimenecho panalibe nthabwala ngakhale imodzi. Nthabwala zake zinali m'mavidiyo.

*

Mkulu wa makompyuta anaimba yekha. Make Kadontho anapita osamuuza Jambulani.

"Khalani apa. Zatuluka zambiri, koma musasangalale msanga."

Pagalasi panadzaza tizithunzi ting'onoting'ono, tonse ta manambala. Anayamba kutsegula. Kadontho tsiku loyamba kusukulu. Kadontho dzino litachoka. Kadontho atavala nsapato za make. Zonse zinali zabwinobwino, zonse za pambuyo pa maliro.

"Zakale zili kuti?"

"Ndi zomwe ndimaopa. Zomwe munayamba kuikamo zinakhala koyambirira, ndipo alendi atsopano amayambira kulowa komweko. Zakale ndi zomwe zapsa."

Zinapezeka zochepa. China chinali malemu atanyamula mwana, koma kuyambira pachifuwa kutsika munali imvi yokhayokha, ngati wina wathirapo simenti. China chinali ndi chipumi ndi maso okha. Make Kadontho anawayang'ana masowo, nawonso anamuyang'ana.

"Mavidiyo?"

Mkuluyo anatsegula imodzi. Galasi linada, linathwanima, kenako kompyuta inalemba kuti singathe. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inatulutsa kaphokoso ngati wailesi yosowa siteshoni, n'kuzima.

"Ndayesa kuzisoka, sizikugwira. Vidiyo ndi chinthu chachikulu, chikadulidwa pakati chimafa chonse. Pepani, mayi."

Sanalire. Kulira pamaso pa munthu wachilendo kumafuna nthawi, ndipo iye anali ndi mwana woti akamutenge kusukulu. Anafunsa funso lomwe anabwera nalo.

"Mungadziwe tsiku lomwe anafufuta?"

"Zimenezo ndiye zosavuta, kompyuta imalemba yokha." Anadina pang'ono. "Lachitatu la sabata yatha, chakum'mawa. Ukwati unalowa nthawi yomweyo."

"Lachitatu? Mwaonetsetsa?"

"Ngati wotchi ya kompyuta yawo ili bwino, ndi Lachitatu."

Lachitatu limenelo Kadontho anakachotsa dzino lobowoka. Jambulani anawatenga m'mawa, anakhala nawo pamzere wa kuchipatala akumuseweretsa mwana ndi kamera kuti asaope, anawaperekeza kunyumba, ndipo anachoka dzuwa litapendeka atakonza chitseko cha bafa. Ku situdiyo sanapondeko.

Choyamba chomwe mayiyo anamva chinali mpumulo. Wofufuta sanali Jambulani. Mpumulowo sunafike ngakhale pansi pa masitepe. Ngati sanali iye, ndiye kuti anakhala pampando wake, m'nyumba mwake, namuyang'ana m'maso n'kunama. Ndipo mwamuna sanamira mkazi amene akufuna kumukwatira pofuna kuteteza munthu wamba.

*

Anamuitanira pabenchi ya panja pa sukulu, ana asanaweruke, kuti nkhani ikhale ndi malire. Jambulani anabwera atameta, atavala malaya omwe mayiyo anawayamikirapo kamodzi. Zimenezo zinangomuwonjezera mkwiyo.

"Mavidiyo apita," anayamba. "Onse."

Bamboyo anagwira kumutu.

"Musayambe. Ndili ndi funso limodzi. Munafufuta tsiku liti?"

"Sindikukumbuka bwino. Mwina Lachinayi."

"Lachitatu m'mawa. Kompyuta yanena. Lachitatu m'mawa inu munali ndi thonje m'manja mukupukuta magazi pakamwa pa mwana wanga. Kapena muli ndi mapasa?"

Jambulani anapukuta nkhope ndi chikhatho.

"Situdiyo ndi yanga. Lamulo la tepi ndinaika ndine. Kabokosi pashelefu ndinasiya ndine. Ndiye wolakwa ndani?"

"Sindinafunse mwini situdiyo. Ndafunsa chala chomwe chinadina."

"Mutandiimbira Lamulungu lija, ndinamuimbira mtsikana wa ku situdiyo uja ndili m'njira. Analira, make Kadontho. Analira moti mawu samamveka. Anati anaona chofiira n'kungotenga. Ali ndi azing'ono ake awiri omwe amawaphunzitsa. Ndinadziwa kuti mukamva, inu ndi alamu anu mufuna achoke. Ndinati ine mukhoza kundikhululukira, iye simungamukhululukire."

"Ndiye munawerengera bwino. Munaona kuti chikhululukiro changa n'chotchipa, mukhoza kugulirako ndi anzanu."

"Si choncho."

"Misozi yake munaimva pafoni. Mwana wanga anakufunsani pamiyendo panu kuti abambo mwawaona, inu n'kukhala duu, mukuteteza zikhadabo."

"Inali ngozi. Analumbira kuti sanatsegule n'komwe."

"Kwa ine ananena kuti safufuta kanthu asanatsegule. Anatinso malemu anali anthabwala. Anaziona kuti nthabwalazo? Pa tayi?"

"Mwina ndinamuuzapo ine."

"Munamuuza?"

"Sindikudziwa. Mwina."

"Taonani, mwayambanso kumufunira pobisala." Anatembenuka kumuyang'ana bwinobwino. "Pali chiyani pakati pa inu ndi mtsikana ameneyu?"

"Palibe."

"Chinalipo?"

"Palibe, ndikunena pamaso pa Mulungu. Ndi mwana kwa ine."

"Mwana amene amakuphikirani."

"Ndimakana, amabweretsabe. Ndizitaya?" Anasendera pafupi. "Ine ndimafuna inu. Ndakhala ndikudikira yankho lanu osadandaula. Ndalakwa kunama, ndavomera. Koma musatenge bodza limodzi n'kufufutira zonse zomwe mwaona mwa ine."

"Mawu a kufufutawo musawatchule pamaso panga."

Belu linalira. Ana anayamba kutuluka ngati njuchi. Make Kadontho anaimirira, nakonza chikwama paphewa. Mumtima ankafuna kumukhulupirira, ndipo zimenezo n'zomwe zinkamuopsa, chifukwa Lamulungu lija analinso ndi nkhope yomweyi.

"Nyamukani mwana asanakuoneni. Sindikufuna mafunso lero."

"Ndikuimbireni mawa?"

"Foni ndi yanu."

*

Loweruka m'mawa anakhala pakhonde akumuluka Kadontho tsitsi, mwana ali pakati pa miyendo, chipeso chili m'kamwa mwa make. Anali asanamuuze kuti mavidiyo apita. Ankangoti ankolo akufunabe, ndipo tsiku lililonse bodzalo linkalemera. Nayenso tsopano anali wonamiza munthu pofuna kumuteteza, ndipo sanakonde kufanana kumeneko.

Foni inanjenjemera pampando. Nambala yosaidziwa, yatumiza vidiyo. Anaganiza kuti ndi za gulu la makolo a kusukulu, nadina ndi chala cha mafuta osayang'ana n'komwe.

"Iwe, usandijambule ndili ndi thewera m'manja. Anzanga akaona ulemu wanga uthera pomwepa."

Chipeso chinagwa.

Anali iye. Malemu, atavala kabudula, atanyamula thewera kutali ndi mphuno ngati bomba, akuseka mpaka phewa kugwedezeka. Kumbuyo kunkamveka kuseka kwa mkazi wachitsikana yemwe make Kadontho anachedwa kumuzindikira kuti ndi iye mwini. Vidiyoyo inali yoyera, yosadukaduka, koma inathera pakati pa mawu, podulidwa dala.

Kadontho anali atatembenuka kale, luko lili theka.

"Abambo. Amayi, abambo apezeka."

Meseji inalowa pansi pake.

*Anti, ndinakopera zonse ndisanafufute. Zonse, palibe chotayika. Zili pamalo pabwino, osati ku situdiyo, musavutike kuwatuma abwana.*

Inalowanso ina.

*Inu muli naye kale mwamuna wanu, ndi uyu. Awiri ngachiyani? Auzeni abwana kuti za ukwati mwakana, ndipo musatchule za ine. Ndikaona ndekha kuti zathadi, ndikubweretserani. Mukawaonetsa meseji iyi, ndidina kamodzi basi. Mwaona kale kuti ndimatha.*

Make Kadontho anawerenga kawiri. *Anti* ameneyo anamudziwa mwini wake, wa Zikhadabo uja. Mwana anali atakwera pabondo pake, akukoka dzanja kuti aone pagalasi.

"Ikaninso. Amati chiyani za thewera? Thewera lake linali langa?"

Foni inayamba kulira m'manja mwawo onse awiri. Pagalasi, pamwamba pa nkhope ya malemu yoima pakati pa kuseka, panatuluka dzina la Jambulani.

"Musayankhe, amayi," anatero Kadontho. "Ikaninso abambo."